Khadi Lotembenuza

Chala cha Nateni chinakana ntchito Lachiwiri masana. Mfuti inali paphewa, tsaya litagunda thabwa lake, diso lili pa kadontho kakuda ka chandamale kamene kanali mamita khumi kutsogolo. Chinatsala n'kukoka kachitsulo kokhethemulira basi, kanthu kofewa koti ngakhale mwana wa mkaka angakakoke. Koma chalacho chinangoti gwa, ngati ndi cha munthu wina.

Anayamba kubanika. Mtima unkagunda mpaka m'makutu, ndipo kadontho kaja kanayamba kuvinavina, uku ndi uku. Atatopa anangokoka mwamphamvu kuti zimuchoke. Phwa! Kachipolopolo kanakaboola m'mphepete mwenimweni mwa khadi, pamene pamapatsa pointi imodzi ya chisoni.

"Tsitsa," anatero Madamu kumbuyo kwake. "Tsegula mfutiyo, uike patebulo, ubwere kuno."

Madamu amenewa m'mawa ankaphunzitsa sayansi, masana n'kumayang'anira kalabu ya masewera owombera chandamale. Ana anawatcha Madamu Tsitsa chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo. Mfuti za kalabuyo zinali za mpweya, zoponya tizipolopolo tating'ono ngati njere za mpunga, ndipo zinkakhala m'kabati yachitsulo imene kiyi wake ankalendewera m'khosi mwa Madamu. Malo owomberawo chinali chipinda chachitali kuseri kwa sukulu, momwe kale ankasungiramo madesiki othyoka. Ena mwa madesikiwo anali akadali ounjikidwa pakona, misomali ili panja.

Timu ya sukulu yokapikisana ndi masukulu ena inkafuna anthu atatu. Awiri anali atasankhidwa kale. Malo otsalawo ankalimbirana Nateni ndi mtsikana wina wa m'kalasi mwake, amene anzake ankamutchula kuti Mwala chifukwa akaimirira ndi mfuti ngakhale ntchentche itamutera pamphuno sankasuntha. Tsiku losankha linali Loweruka, patatsala milungu itatu.

"Ukamaloza chandamale, m'mutu mwakomo mumayankhula ndani?" anafunsa Madamu.

"Palibe, Madamu."

"Usandinamize. Ndakuwerengera masekondi makumi awiri osapuma. Munthu sakangana yekha nthawi yaitali chonchi. Muli ndani m'mutumo?"

Nateni anayang'ana nsapato zake. Akananena bwanji kuti m'mutu mwake muli shopu yonse yometera, ndi makasitomala ake omwe?

Bambo ake a Nateni anali wometa tsitsi, ndipo mwa ometa onse oyankhula, iwo anali mfumu yawo. Tsiku loyamba limene mwana wawo anagwira mfuti ya kalabu, mwamwayi anaboola pakatikati penipeni, pa teni. Anabwera ndi khadilo kushopu akudumphadumpha. Bambo ake analimata pakalilole, n'kulengeza kwa aliyense amene anali pabenchi kuti kuyambira tsiku limenelo mwanayu ndi Nateni. Dzinalo linamera mizu moti ngakhale aphunzitsi ena anaiwala lenileni.

Kuchokera apo, Lachisanu lililonse Nateni ankabweretsa khadi lake labwino kwambiri la sabata imeneyo. Makhadi anazungulira kalilole mpaka wometedwa ankadziona pakampata kakang'ono ka pakati. Aliyense wokhala pampando ankamva nkhani yonse, kaya wafuna kaya sanafune.

"Mwanayu maso anatengera ine," ankatero bambowo, makina akulira. "Timu walowa kale uyu. Enawo akungomuperekeza!"

"Ndiye mudzatimeta ulere akadzapambana?" ankafunsa dalaivala wina wa basi amene ankabwera Lachisanu lililonse, ngakhale kumutu kwake kunalibe chometa chenicheni.

Onse ankaseka, Nateni nayenso n'kumaseka. Koma mawu amenewo ndi amene ankamutsatira mpaka kuchipinda chowombera. Akangoona kadontho kakuda kaja, ankamva makina ometera akulira ndi mawu akuti walowa kale uyu. Kenako chala chinkauma.

Madamu sanamuumirize kuyankha. Anapita kutsogolo mfuti zonse zitatsegulidwa, anachotsa khadi la Nateni, n'kuikapo latsopano, koma chotembenuza. Kumbuyo kwa khadi kunali koyera, kopanda dontho, kopanda mizere, kopanda manambala.

"Kuyambira lero uziwombera kumeneko."

"Koma Madamu, ndiloza chiyani? Palibe chilichonse."

"N'chimene ndikufuna. Maso ako akudziwa okha pakati pa pepala. Amene akufunika sukulu ndi mutuwo." Anayamba kuwerenga pa zala. "Uyambe waimika mapazi. Upume katatu, mpweya uzifika m'mimba. Ukweze mfuti, utulutse theka la mpweya, ndipo mumtima uzinena mawu amodzi okha, akuti pang'onopang'ono, chala chikufinya. Akatha masekondi asanu ndi atatu chisanachoke, tsitsa, uyambirenso. Ngakhale kakhumi."

"Anthu akuona?"

"Makamaka anthu akuona."

Nateni anaona ngati chilango. Mwala pambali pake ankawombera khadi la bwinobwino, iye akulimbana ndi pepala loyera ngati mwana wa sitandade wani. Choipitsitsa, akamaliza tizipolopolo tisanu ta khadi limodzi, Madamu ankalichotsa okha n'kuliponya m'dirowa osalitembenuza.

"Ndiliona liti, Madamu?"

"Ukadzasiya kufunsa."

Anamupatsanso ntchito ya kunyumba yopanda mfuti. M'mawa uliwonse asanavale yunifomu, azikhala pamphepete pa bedi, atseke maso, awombere kasanu m'maganizo, osadumpha kanthu: kuzizira kwa simenti kumapazi, kulemera kwa mfuti, kafungo ka mafuta ake. Ganizo lina likabwera asalimbane nalo, angoliona n'kubwerera ku mpweya wake. Tsiku loyamba Nateni sanafike ngakhale pokweza mfuti. Ganizo la Lachisanu linali litamukhala pachifuwa.

Lachisanu linafikadi, iye alibe khadi lopita nalo kushopu. Masana, pamene Madamu ankakhoma kabati, dzanja la Nateni linapita lokha pa mulu wa makhadi atsopano, limodzi n'kulowa m'buku la masamu. Potuluka anazula msomali pa desiki lothyoka. Kuseri kwa thanki ya madzi anagwada, n'kuboola mabowo asanu. Sanachite dyera ayi. Anadzipatsa teni m'modzi, manaini atatu ndi eyiti m'modzi, kuti zioneke zoona.

Kushopu anapeza dalaivala ali pampando, nsalu ili m'khosi. Bambo ake analandira khadilo, analiyang'ana kanthawi, kenako analikweza m'mwamba.

"Mwaona? Ndimanena ine!"

Benchi yonse inaomba m'manja. Nateni anamwetulira modzikakamiza. Sabata yotsatira anachitanso chimodzimodzi, ndipo ulendo uwu msomali unali kale m'thumba la chikwama.

Chodabwitsa n'chakuti pa pepala loyera lija chala chinayamba kumvera. Popeza panalibe teni woti aphonye, panalibenso woti amuseke. Madamu ataona zimenezi anayamba nkhanza zawo zina. Nateni akaloza, iwo ankagwetsa thireyi yachitsulo pasimenti. Tsiku lina anauza anyamata a kalabu kuti aziomba m'manja ndi kufuula manambala abodza. Nateni ankadzidzimuka, ankatsitsa, ankapuma katatu, n'kuyambiranso. Pofika kumapeto kwa sabata yachiwiri thireyi inkagwa iye osaphethira.

Koma Lachinayi la sabata yomaliza, Madamu anabwezera khadi kumaso. Kadontho kakuda kanamuyang'ana ngati diso, ndipo zonse zinabwerera. Nateni anatsitsa kanayi asanawombere ngakhale kamodzi.

"Kodi yalemera mfutiyo?" ananong'ona mnyamata wina. "Tikuthandize kunyamula?"

Anzake anaseka chapansipansi. Kutsitsa mfuti pamaso pa anthu kunali ngati kulengeza kuti ndili ndi mantha. Pobwerera kunyumba m'basi anaganiza zodzanamizira kudwala Loweruka.

Lachisanu anafika kushopu dzuwa litapendeka, khadi lachitatu la msomali lili m'buku. Munalibe kasitomala. Wailesi inali yotseka, ndipo bambo ake ankasesa tsitsi pansi pa mpando.

"Khala apa," anatero, akuloza mpando wometera.

"Adadi, tsitsi langa lili bwino."

"Ndati khala, mwanawe."

Anamatula makhadi awiri pakalilole, lina lakale, lina la sabata yatha, n'kuwagwira moyang'anitsa kuwindo kuti kuwala kudutse m'mabowo.

"Ona ili. Bowo lake ndi lozungulira bwino, lodulidwa ngati ndi lumo. Tsopano ona ili. Pepala lang'ambika, kumbuyoku latukuka milomo." Anaika makhadiwo pamwendo pake. "Ine ntchito yanga ndi kuona kamzere kokhota pamutu pa munthu. Ukuganiza kuti bowo la msomali lingandidutse?"

Nateni anamva ngati mpando ukumira naye.

"Munadziwa liti?"

"Tsiku loyamba lomwe."

"Nanga munalimatiranji?"

Bambowo anatsamira tsache. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake Nateni anawaona akusowa mawu.

"Dalaivala uja anali pampando," anatero potsiriza. "Benchi inali yodzaza. Ndinachita manyazi. Iwe unanama ndi msomali, ine ndinanama ndi pakamwa."

Apo Nateni anayamba kulira, kulira kwenikweni kosisima. Anawauza zonse: za chala chouma, za khadi lotembenuza, za dirowa ya Madamu. Anawauzanso chimene anakana kuuza Madamu.

"Ndikaloza ndimamva inuyo, adadi. Ndimamva mukuti walowa kale uyu. Ndiye ndimaganiza kuti ndikaphonya mudzawauza chiyani anthu onse aja. Chala chimangouma. Ndimaopa kwambiri."

Bambo ake anakhala pabenchi ya makasitomala. Anatenga lumo lawo lometera ndevu, analitsegula, n'kulitsekanso.

"Ukudziwa," anatero motsitsa mawu, "lumo ili likafika pakhosi pa munthu ndimatseka wailesi. Kasitomala akayamba za mpira ndimamuuza kuti akhale chete. Dzanja likanjenjemera ndimalichotsa, ndimapukuta, ndimayambiranso, ndipo palibe amene anandisekapo. Zonsezi ndimazidziwa bwino. Koma iwe lumo lako lili pakhosi, ine wailesi yanga ndaitsegula mpaka kumapeto."

Anaimirira n'kuyamba kumatula makhadi, limodzilimodzi, mpaka kalilole yense anaonekera, ali ndi zipsera za selotepi m'mbali. Nateni anadziona nkhope yonse, maso ofiira.

"Mawa upite ukawombere. Ukalowa, walowa. Ukapanda kulowa, ubwere udzandithandize kusesa, dzina lako lenileni ndikulikumbukabe. Koma makhadi a eni akewo ukawauze Madamu usanagwire mfuti."

Loweruka m'mawa Nateni anafika anzake asanabwere. Anaika makhadi atatu a msomali patebulo la Madamu pamodzi ndi msomali womwe, n'kufotokoza zonse. Madamu anamvetsera osamudula.

"Mwezi wathunthu uzisesa chipinda chino ndi kutola tizipolopolo togwa," anatero. "Kaya walowa timu kaya ayi. Wamva?"

"Ndamva, Madamu."

"Ndipo papita masiku angati osandifunsa za dirowa?"

Nateni anaganiza. Sanakumbuke.

Madamu anatsegula dirowa, anatulutsa mulu wa makhadi aja, n'kuyamba kuwayala patebulo chotembenuzira kumaso. A masiku oyamba mabowo ake anali omwazikana. Koma a sabata yachiwiri mabowo anali atasonkhana m'kati mwa chakuda, ena atalumikizana kukhala bowo limodzi lalikulu. Madamu anatenga limodzi n'kuliika pambali pa la msomali.

"Ili ndi la Lachisanu lomwe unaba lachiwiri. Mateni atatu, manaini awiri. Msomali wakowu unakudyera mapointi."

Nateni anayang'ana makhadi awiriwo, osadziwa kaya aseke kaya alire.

"Dzanja limenelo ndi lomwe wabwera nalo leroli," anatero Madamu. "Kadonthoko ndi inki chabe. Pita ukasambe kumaso."

Pofika nthawi yoyamba, mabenchi akumbuyo anali atadzaza ana a kalabu ndi makolo angapo. Bambo ake a Nateni anakhala pakona, atatseka shopu pa tsiku la makasitomala ambiri. Aliyense mwa atsikana awiriwo anapatsidwa tizipolopolo makumi awiri ndi mphindi makumi atatu. Wotchi yaikulu inali pakhoma.

Mapazi. Mpweya katatu. Pang'onopang'ono. Koyamba kanachoka bwino, kachiwirinso. Pa kachisanu ndi chiwiri dzanja linagwedezeka ndipo anadziwa asanaone kuti kapita kutali. Mantha anabwera. Anawaona, anawasiya, n'kubwerera ku mpweya wake. Anatsitsa kawiri pa kachikhumi, katatu pa ena otsatira. Kutsitsako kunkadya nthawi. Mwala anamaliza patatsala mphindi zisanu, anatsegula mfuti yake n'kukhala pansi.

Tsopano m'chipinda chonse munatsala mfuti imodzi. Nateni anaika kachipolopolo komaliza patatsala mphindi ziwiri. Kumbuyo, mnyamata amene anagwira choonera patali analephera kudzigwira.

"Akufunika naini," ananong'ona, koma kunong'ona kwake kunamveka mpaka kukhomo.

Madamu anamuyang'ana ndi diso loti tionana, koma mawu anali atalowa kale. Nateni anakweza mfuti. Naini. Naini. Kadontho kanayamba kuvina, chala chinati gwa. Anawerenga masekondi mpaka asanu ndi atatu. Thupi lonse linkamuuza kuti angokoka zithe, monga anachitira Lachiwiri lija. Anatsitsa.

Anthu anang'ung'udza. Anapuma katatu, anakwezanso. Thukuta linalowa m'diso. Chala chinakanabe. Anatsitsanso.

"Nthawi!" wina anatero mopsinjika.

Panatsala masekondi makumi anayi. Nateni anadikira mawu amene ankawadziwa bwino, mawu a kushopu. Sanabwere. Anacheuka pang'ono chabe, mfuti ili patebulo yoloza kutsogolo. Bambo ake anali ataluma chipeso chawo ndi mano, manja onse awiri atagwira benchi, thukuta lili kamukamu pamphumi. Munthu amene sanakhalepo chete ngakhale kutchalitchi anali akulimbana ndi pakamwa pake, ndipo ankapambana.

Nateni anatembenukira kutsogolo. Anamva kuzizira kwa simenti kumapazi. Anapuma, mpweya unafika m'mimba. Anakweza, anatulutsa theka. Kadontho kanali pomwepo, kakugwedezeka pang'ono, ndipo anakasiya kagwedezeke. Pang'onopang'ono. Pang'onopang'ono. Mfuti inalira iye asanayembekezere.

Anakhalabe choloza masekondi awiri monga anaphunzitsidwira, kenako anatsegula mfuti n'kuiika pansi.

Madamu anasonkhanitsa makhadi onse n'kuwerenga pamaso pa makolo awiri. Bowo lomaliza linali pamzere weniweni wa pakati pa eyiti ndi naini, moti anachita kutenga kachitsulo koyezera n'kukalowetsa m'bowomo. Madamu anavula magalasi.

"Lakhudza mzere. Naini."

Nateni anaposa Mwala ndi pointi imodzi. Mwala anabwera kudzamugwira chanza, ndipo Nateni anadabwa kumva dzanja la mnzakeyo lili lonyowa ndi lozizira.

"Iwenso umaopa?"

"Ine? Ndasanza kawiri m'mawa uno," anatero Mwala. "Kungoti nkhope yangayi sinena."

Bambo ake sanafuule. Anachotsa chipeso mkamwa, chili ndi zipsera za mano, anachiyang'ana, n'kuchiika m'thumba. Anangomusisita mwana wawo pamutu.

Lachisanu lotsatira Nateni anachedwa kufika kushopu chifukwa ankasesa chipinda chowombera. Anapeza dalaivala ali pampando monga mwa masiku onse. Pakalilole panali khadi limodzi lokha, lomaliza lija, lomwe Madamu anamulola kutenga. Bambo ake anali atalimata chotembenuza, mbali yoyera ili kunja.

"Mwamata molakwika apa, bwana," anatero dalaivala. "Manambala ali kukhoma. Nanga tidziwa bwanji kuti Nateni wathu anapeza zingati? Nanga kumpikisano waukuluko akapambana?"

Nateni anaima pakhomo, chikwama chili kumsana. Anaona milomo ya bambo ake ikutseguka, nkhani yonse ili pansonga pa lilime. Maso awo anakumana m'kalilole.

Bambowo anatambasula dzanja n'kutseka wailesi.

"Kwezani chibwano, akulu," anatero. "Lumo lafika pakhosi."